Mmene Mungapemphere Thandizo kwa Munthu Wopeza Bwino Zinthu Zikathina ku Mangochi

Kuno ku Mangochi mavuto a zachuma ali ndi nyengo zake zimene aliyense amazidziwa. Mwera ukalimba pakati pa Juni ndi Ogasiti, maboti amagona padoko ndipo alovi, amene ndi asodzi ogwira ntchito m'maboti a eni ake, amatha masiku osagwira ndalama. Nyanja ikatsekedwa kuyambira mu Novembala kuti chambo chiswane, mabanja amene amadalira makoka amasowa pogwira, ndipo kuyambira Januwale mpaka Malichi, chimanga chikatha m'nyumba, ngakhale alimi akumtunda monga ku Namwera ndi kwa Katuli amayamba kuyendera ganyu. Pamwamba pa zonsezi pamabwera matenda, maliro ndi zofunika za ana kusukulu, zimene sizisankha mwezi. Pa nthawi zoterezi ambiri timathamangira kwa munthu wopeza bwino, kaya ndi mwini chilimila (ukonde waukulu wophera usipa), mwini golosale, bwana wa kuntchito kapena mbale amene ali ku Joni. Kupempha koteroko n'kwakale ndipo sikochititsa manyazi, koma thandizo la munthu wachuma limabwera litamangidwa ku chingwe, ndipo wopempha ayenera kudziwa kutalika kwa chingwecho asanatambasule dzanja. Malangizo ali m'munsiwa ndi okuthandizani kuti mupeze thandizolo koma mutsale ndi ulemu wanu, katundu wanu ndi ufulu wanu.

Yambani ndi kuwerengera vuto lanu

Musanatuluke pakhomo, khalani pansi ndi amuna anu kapena akazi anu, mulembe papepala chimene chikufunika ndi mtengo wake. Ngati ndi wodwala amene watumizidwa kuchokera ku chipatala cha boma cha Mangochi kupita ku Zomba Central, werengerani thiransipoti ya womudikirira, chakudya cha masiku amene angakhaleko ndi ndalama yobwerera. Ngati ndi mpamba wa geni ya usipa umene wadyeka, werengerani ndowa zimene mukufuna kugula, mtengo wa thandala loyanikira ndi ulendo wokagulitsa. Kenako chotsanipo zimene mungathe kupeza nokha pogulitsa nkhuku kapena pogwira ganyu. Chotsalacho ndicho mukapemphe. Munthu wonena kuti akufunika K180,000, wapeza kale K60,000 ndipo akusowa K120,000 amamveka mosiyana kwambiri ndi wongonena kuti "chilichonse chimene mungandithandize nacho", chifukwa woyambayo waonetsa kuti vutolo walisenza kale mbali ina.

Onani kaye makomo ena

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma zitseko zilipo zingapo, ndipo cha munthu wachuma chisakhale choyamba. Uzani mwinimbumba kapena amalume anu, chifukwa iwo akadzamva kwa anthu ena kuti munakagwada kwa mlendo iwo asakudziwa, nkhaniyo imasanduka mlandu wa pabanja. Ngati muli mu banki m'khonde, funsani za thumba la ngozi limene magulu ambiri amasonkha padera. Asilamu angathe kufotokozera a shehe kapena komiti ya pamzikiti, popeza zakaati inaikidwa kuti ithandize osauka ndiponso amene athinidwa ndi ngongole, ndipo Akhristu angathe kupita kwa akuluampingo. Pa nkhani ya ana asukulu, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo ya boma ndiyo yoyenera kufunsako za mabasale. Mtukula Pakhomo musawuwerengere pa vuto la mwadzidzidzi, chifukwa olandira amasankhidwa mwa ndondomeko yake ndipo salowamo tsiku limene afuna.

Sankhani bwino munthu woti mumufikire

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, chifukwa njala ikaluma timangoyang'ana amene ali ndi ndalama osayang'ana khalidwe lake. Funsani mwakachetechete kwa amene anathandizidwapo ndi munthuyo: kodi anawasungira chinsinsi, kapena mudzi wonse unamva? Atachedwa kubweza, anawapatsa nthawi kapena anatumiza anyamata kukazula malata? Kodi ngongoleyo inatha, kapena mpaka lero akumugwirirabe ntchito? Mayankho a mafunso amenewa ndi ofunika kuposa kukula kwa nyumba yake.

Mwini chilimila kapena mwini boti ndi wofikirika kwa alovi ake, ndipo kawirikawiri amapereka msanga chifukwa amafuna kuti ogwira ntchito ake asathawire kwa wina. Koma ndalama yakeyo amaidula pa gawo lanu la nsomba, ndipo mlovi amene sanagwirizane za kuchuluka kwa zodulazo amapezeka kuti watha nyengo yonse ya usipa osapita ndi kanthu kunyumba. Wamalonda amene amagula nsomba kapena zokolola zanu naye amapereka mosavuta, koma chimene amafuna ndi chakuti muzigulitsa kwa iye yekha, nthawi zina pa mtengo umene iye wanena. Ndalama ya munthu wotere ingaoneke yopanda chiwongoladzanja pamene chiwongoladzanjacho chabisala mu mtengo wotsikawo.

Mbale wa ku Joni ndi amene ambiri kuno timamuganizira poyamba, popeza midzi yambiri ya kwa Makanjira, kwa Jalasi ndi kwa Mponda ili ndi ana ake ku South Africa. Ndikupemphani kuti mumuganizire mwachifundo. Ambiri mwa anyamatawa amagwira ntchito za m'mashopu, m'minda ya maluwa ndi m'makomo, amalipira lendi, ndipo pa mwezi umodzi amalandira mauthenga a pa WhatsApp kuchokera kwa abale ochuluka, aliyense ndi vuto lake. Muimbireni, mufunse kaye za moyo wake, ndipo mumulole kunena tsiku limene angathe kutumiza pa Mukuru kapena njira ina m'malo momuikira tsiku inuyo.

Wandale ndimamuika kumapeto. Amapereka mowolowa manja chisankho chikayandikira, ndipo chimene amayembekezera ndi kuti dzina lanu ndi nkhope yanu zionekere pa msonkhano wake. Ngati simukufuna kuti umphawi wanu ulengezedwe pa chimkuzamawu, lingalirani kawiri.

Tsimikizani mtundu wa thandizo limene mukupempha

Pali mitundu itatu, ndipo mikangano yambiri imene imathera kwa amfumu imayamba chifukwa awiriwo sanamvane kuti ndi uti mwa itatuyi. Pali mphatso, imene sibwezedwa. Pali ngongole, imene imabwezedwa pa tsiku lodziwika. Ndiye pali thandizo losinthana ndi ntchito kapena katundu, monga kulima ndime, kusoka ukonde kapena kupereka matumba a chimanga pokolola. Wopereka akanena kuti "tengani, tidzaonana", inu mumamva mphatso pamene iye akuganiza ngongole, ndipo patapita miyezi isanu ndi umodzi aliyense amalumbira kuti mnzakeyo ndiye wabodza.

Ine ndimaona kuti, pamene zingatheke, ndi bwino kupempha ntchito kapena mpamba kusiyana ndi kupempha ndalama yodyera. Munthu wopeza bwino amatopa msanga ndi wopempha ufa mwezi ndi mwezi, koma amakondwa kuthandiza amene akufuna kuima payekha, ndipo inunso simumangika kwa iye kwa nthawi yaitali. Komabe pali mavuto, monga matenda aakulu ndi maliro, amene sabala phindu loti mudzabwezere. Pa mavuto amenewa nenani poyera kuti mukupempha chithandizo chabe ndipo simungalonjeze kubweza. Kulonjeza chimene mukudziwa kuti simungakwanitse, pofuna kuti ndalama ituluke msanga, ndiko kumawononga ubale umene ukanakuthandizaninso mtsogolo.

Samalani kwambiri ndi ngongole ya chimanga ya m'miyezi ya njala, imene mumatenga thumba limodzi la makilogalamu 50 mu Febuluwale n'kulonjeza awiri kapena atatu pokolola. Werengerani matumba amene munda wanu umatulutsa chaka chabwino ndi chaka choipa, chifukwa mvula ikadula ngati mmene inachitira mu 2024, pamene boma linalengeza kuti m'maboma 23 mwa 28 muli ngozi ya chilala, matumba olonjezedwawo amafunidwabe ndipo njala ya chaka chamawa imayamba mukadali pokolola.

Pezani wokuperekezani ndi nthawi yabwino

Ngati munthuyo simunazolowerane naye, musamufikire nokha. Pezani wachikulire amene onse awiri mumamulemekeza, monga amalume anu, a shehe, mkulu wampingo kapena wa komiti ya padoko, kuti akakutsegulireni njira ndi kupempha tsiku lokumana. Amayi makamaka asapite okha kunyumba kapena kushopu ya bambo wachuma madzulo. Apite ndi mchemwali wawo kapena mlongo wawo, ndipo ngati bamboyo ali pabanja, ndi bwino kuti mayi a kunyumbako adziwe za ulendowo kuyambira pachiyambi. Zimenezi zimatseka pakamwa pa anthu amiseche, komanso zimatseka mpata woti pempho lanu lisandutsidwe nkhani ina.

Musamuimitse munthu pagulu. Pakhomo pa mzikiti anthu akutuluka m'mapemphero a Lachisanu, pamaliro, kapena padoko pamene akuwerengera ndalama za nsomba, si malo opemphera, chifukwa akakana amaoneka wouma mtima ndipo akavomera amakhala wakakamizidwa, ndipo zonse ziwiri adzakusungirani mumtima. Mwini boti mumufikire masiku amene nsomba zaphedwa bwino, wapantchito chakumapeto kwa mwezi, ndipo mlimi wamkulu atangogulitsa zokolola.

Mawu oti mukanene

Mukafika, perekani moni mokwanira, mufunse za banja, ndipo mudikire kuti mwininyumba akupatseni mpata. Mutchuleni monga amatchulidwira kwanuko, kaya ndi bwana, achimwene, amalume, kapena "Che" patsogolo pa dzina lawo monga timachitira kuno. Ndiye fotokozani mwachidule ndi moona, mwina motere: "Bwana, ndabwera ndi vuto, ndipo ndaona kuti ndisakubisireni. Mayi a kunyumba awatumiza ku Zomba, ndipo pakufunika K180,000. Ndagulitsa mbuzi ndapeza K60,000. Ndimati ngati kungatheke mundibwereke yotsalayo, ndidzabweze magawo atatu nyanja ikadzatsegulidwa."

Mukatero khalani chete, mumupatse nthawi yoganiza. Musakokomeze vutolo, musanamizire maliro kapena matenda amene kulibe, chifukwa kuno anthu amadziwana kuyambira ku Monkey Bay mpaka ku Chiponde ndipo bodza limafika msanga kwa mwini ndalama. Musamukumbutsenso chuma chake ponena kuti kwa iye ndalama imeneyi ndi yochepa, pakuti simudziwa ngongole ndi anthu amene iye akusenza. Akanena kuti angathe theka lokha, landirani mothokoza. Akanena kuti mubwerenso mawa, bwereraninso kamodzi. Akazengerezanso, dziwani kuti wakana mwaulemu ndipo musamuumirize. Wokana lero mutsanzikeni bwino lomwe ndipo musakamunene kwa anthu, popeza mwina alibedi, ndipo chaka chamawa mungadzamufunenso.

Gwirizanani zonse ndalama isanalowe m'manja

Gawo ili ndilo lofunika kuposa onse, ndipo ndi limene anthu amalidumpha chifukwa cha manyazi kapena chisangalalo. Ngati ndi ngongole, funsani mafunso anayi musanawerenge ndalama: ndidzabweza zingati zonse pamodzi, liti, m'magawo angati, ndipo chidzachitike n'chiyani ndikachedwa? Mayankho alembedwe papepala, aliyense asaine kapena adinde chala, pakhale mboni ziwiri, imodzi ya mbali yanu, ndipo aliyense asunge pepala lake. Jambulaninso pepalalo pa foni kuti likanyowa kapena kutayika umboni ukhalepo. Ena amaopa kuti kupempha kulemberana kuoneka ngati sakumukhulupirira wowathandiza. Munganene kuti, "Amalume, tilembe kuti ine ndisadzaiwale, komanso kuti ana adziwe ngati china chitandichitikira." Kwa Asilamu nkhaniyi ndi yosavuta kuiyamba, chifukwa Qur'an, mu Surat Al-Baqarah ndime 282, imalamula kuti ngongole ya nthawi yoikika ilembedwe ndiponso pakhale mboni, ndipo chipembedzocho chimaletsa kulandira chiwongoladzanja.

Ngati ndalama ichokera ku Joni, gwirizanani ngati mudzabweza m'makwacha kapena m'marandi. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo amene anali ndi ngongole yowerengedwa m'ndalama yakunja anadzuka ngongole yawo itakula iwo asanatengeko kanthu kena. Ngati ndalama idutsa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, musafufute uthenga wake, ndipo mumvane kuti ndalama yotapira alipira ndani. Ngati ndi zodula pa gawo la nsomba kapena pa malipiro, ikani malire, mwachitsanzo kuti asadule kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene mwapeza tsikulo, ndipo mukhale ndi kope lanulanu lolembamo chilichonse chimene chadulidwa.

Muzindikirenso pamene wothandiza wasanduka wakatapila. Akanena kuti pa K100,000 mudzabweze K150,000 kapena K200,000 pakutha pa mwezi, ndipo mukalephera chiwongoladzanjacho chiberekanso china, ameneyo akuchita malonda pa vuto lanu. Ngongole yotere siitha ndi geni ya mandasi kapena ya usipa.

Zimene simuyenera kupereka ngati chikole

Chikole chikhale chinthu chimene mungathe kukhala popanda icho, monga wailesi, njinga yachiwiri kapena mbuzi, ndipo mtengo wake ulembedwe. Munda wa mbumba musawuike pa chikole, chifukwa kuno minda yambiri imayenda kuchikazi ndipo si ya munthu mmodzi. Mukaupereka mwagulitsa chakudya cha alongo anu ndi ana awo. Chida chimene mumapezera ndalama, kaya ndi bwato, ukonde, makina osokera kapena njinga ya kabaza, mukachipereka mwadula njira yobwezera ngongoleyo. Chiphaso chanu cha unzika, khadi la kubanki ndi nambala yachinsinsi ya foni zisachoke m'manja mwanu, popeza ndi chiphasocho munthu wina angathe kukagulira feteleza wotsika mtengo wa dzina lanu kapena kulembetsa zinthu zimene inu simukuzidziwa.

Pali malipiro ena amene muyenera kuwakana ngakhale vuto litakula motani. M'madoko mwathu muli mchitidwe woti amayi ogula nsomba amaumirizidwa kugona ndi asodzi kapena eni maboti kuti apeze nsomba kapena mpamba, ndipo mchitidwe umenewu wafalitsa kachilombo ka HIV ndi kupasula mabanja ambiri. Ena amathandiza banja diso lili pa mwana wamkazi wa m'nyumbamo, ndipo ena amapempha kuti mwana wamwamuna asiye sukulu azikakoka makoka kapena kuweta ng'ombe mpaka ngongole ithe. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo lamulo la 2015 lothana ndi kuzembetsa anthu limaletsa kugwiritsa munthu ntchito yaukapolo chifukwa cha ngongole. Mukamva mawu olozera kumeneko, bwezani ndalamayo ngati mwalandira kale, uzani wokuperekezani uja, ndipo ngati akukuopsezani pitani ku Victim Support Unit ya kupolisi, kapena imbani nambala yaulere ya 116 ngati nkhaniyo ikukhudza mwana.

Mukalandira

Gwiritsani ntchito ndalamayo pa chimene munanena. Amene wapempha ya kuchipatala n'kuoneka ndi foni yatsopano watseka khomo lake komanso la anzake amene adzabwere pambuyo pake. Patapita masiku ochepa bwererani kukathokoza ndi kufotokoza mmene zayendera, ndipo ngati pali lisiti la kusukulu kapena la kuchipatala, lionetseni musanafunsidwe. Kamphatso kochepa monga nkhuku, mango kapena nsomba zingapo n'kokwanira; simukuyenera kusanduka wantchito wa pakhomopo wosalipidwa, wotumidwa usiku ndi usana chifukwa choti munathandizidwa. Kuthandiza pa ukwati, pa sadaka kapena pamaliro a kubanjako ndi ulemu wabwino, koma ntchito ya tsiku ndi tsiku ikhale ndi malipiro ake kapena ichotsedwe pa ngongole, ndipo zilembedwe m'kope muja.

Bwezani pa tsiku lake ngakhale wokongozayo asanakukumbutseni, ndipo gawo lililonse limene mwapereka lilembedwe kuseri kwa pepala la mgwirizano pamaso pa mboni. Mukaona kuti tsiku likuyandikira ndipo ndalama siikwana, musazime foni kapena kusintha njira yopitira kumsika. Pitani kudakali sabata imodzi kapena ziwiri, mutenge zochepa zimene muli nazo, mufotokoze chimene chachitika ndi kupempha tsiku lina. Anthu ambiri opeza bwino amapirira wochedwa amene akuoneka, koma amakwiya ndi wothawa. Musakatenge katapila kuti mubweze ngongole yopanda chiwongoladzanja, chifukwa kutero n'kusiya ngongole yopepuka n'kusenza yolemera.

Zinthu zikafika povuta, yambirani kwa mboni zanu ndi wokuperekezani, kenako kwa amfumu, amene amaweruza nkhani zoterezi kawirikawiri ndipo amatha kugawa ngongole m'magawo amene mungakwanitse. Dziwaninso kuti gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti munthu asatsekeredwe m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa mgwirizano, choncho ngongole wamba imene munatenga moona mtima ndi nkhani ya kubwalo la milandu, osati ya m'chitokosi cha apolisi. Wokongoza alibe mphamvu yolowa m'nyumba mwanu n'kutenga katundu amene simunamuike pa chikole popanda chilolezo cha khoti, ndipo lamulo la Loans Recovery Act limalola khoti kuunikanso ngongole imene chiwongoladzanja chake n'chopyola muyeso.

Tsiku lopereka gawo lomaliza, itanani mboni zomwe zija, wokongozayo alembe papepala kuti ngongole yatha ndipo asaine, katundu wa chikole abwezedwe tsiku lomwelo mutamuyang'ana bwino, ndipo mwinimbumba ndi wokuperekezani muwadziwitse kuti nkhaniyo yatsekedwa.